Kupeza wani: zimene DJ ayenera kumva asanalowetse nyimbo ina

Unali ukwati wa Loweruka ku Santhe, mwezi wa Ogasiti, ndalama za fodya wa ku Chinkhoma zisanathe m'matumba. Perekaniperekani anali atafika pachimake. Amayi akuchikazi, onse atavala chitenje chofanana, anali atazungulira beseni, ndalama zili m'mwamba, akudikira kolasi kuti aponye. Pamakina ndinali ineyo. Nyimbo imene inkalira ndi imene ndinkafuna kulowetsa zinkaonetsa nambala imodzimodzi ya liwiro pa laputopu, choncho ndinadina sync, batani lofananitsa liwiro la nyimbo ziwiri, n'kukweza yatsopanoyo. Liwiro linagwirizana ndithu. Koma kolasi imene amayi aja ankadikira sinabwere, ndipo nyimbo yatsopano inawapeza phazi lili m'malere. Ena anaima, ena anacheukira kumasipika, manja aja n'kutsika ndalama zikadali momwemo. Bwalo limene linali litatentha linazizira ndikuona ndi maso.

Madzulo tikukulunga zingwe, bambo wina wachikulire, amene anthu ankati ndi katswiri kumudzi kwawo wa mbalule, ng'oma yotsogolera pa gule wamkulu, anandiyandikira. Anati: "A DJ, nyimbo muli nazo zabwino, koma mukudula anthu pakamwa. Muzidikira munthu amalize kaye mawu ake." Ndinawathokoza, koma pa tsikulo sindinamvetse. Ndinkadziwa kufananitsa liwiro la nyimbo ziwiri. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti nyimbo imayankhula m'ziganizo, ndipo wovina amadziwa pamene chiganizo chithere ngakhale sanaphunzirepo nyimbo kusukulu.

Tiyambire pansi penipeni. Nyimbo iliyonse yovina ili ndi kugunda kwake, kuja kumene phazi limatsatira lokha mwini wake osaliuza. Anyamata a m'masitudiyo amati biti. Kuchuluka kwa mabiti pa mphindi imodzi ndiye BPM, ndipo kuti muidziwe simufunika makina: yang'anani wotchi, werengani kugundako kwa masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Amapiano ambiri amayenda pakati pa 110 ndi 115, house imakonda kuyambira 120 kukwera pang'ono, dancehall imazungulira cha m'ma 100. Kusiyana kwa nambala imodzi yokha kumaoneka kochepa, koma nyimbo ya 113 ikayenda limodzi ndi ya 112, pakutha pa mphindi imodzi imakhala yatsogola ndi biti yathunthu. Khutu limayamba kudandaula kale pasanathe masekondi 15. Zimamveka ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi amene minsi yawo yayamba kugundana.

Luso lofananitsa liwiro ndi lakale. Anthu amatchula Francis Grasso, DJ wa ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ngati mmodzi mwa oyamba kumvetsera chimbale chotsatira m'mahedifoni uku china chikulira, kuti achilowetse ovina osaima. Mu 1979 kampani ya Technics inatulutsa makina a SL-1200MK2, okhala ndi kotsetsereka kokweza kapena kutsitsa liwiro ndi maperesenti 8, ndipo ma DJ anakhala zaka zambiri akuphunzira ntchitoyi ndi khutu ndi chala. Lero mapulogalamu a pakompyuta monga VirtualDJ, Serato kapena rekordbox amachita zimenezo pongodina kamodzi. Ine sindinyoza sync, ndimaigwiritsa ntchito. Koma imayankha funso limodzi lokha, la liwiro. Funso la pamene nyimbo ilowere limatsalabe m'manja mwanu.

Mabiti amayenda anayianayi: wani, thu, fili, folo, kenako n'kubwereranso pa wani. Gulu la anayi limeneli oimba amalitcha bar. Ma bar nawo sayenda okhaokha. M'nyimbo zambiri zovina amamangidwa asanu ndi atatu pamodzi, kutanthauza mabiti 32, ndipo mtolo umenewu ndi umene ndikuutcha chiganizo. Pa liwiro la 120 chiganizo chimodzi chimatenga masekondi 16, pa 112 chimapitirira pang'ono masekondi 17. Kuwerenga kwake mumasintha nambala yoyamba yokha: wani thu fili folo, thu thu fili folo, fili thu fili folo, mpaka eyiti thu fili folo. Mukafika pamenepo tcherani khutu. Pali chimene chisinthe. Mwina woimba ayamba vesi, mwina besi ilowa, mwina kolasi ifika, mwina ng'oma zonse zikhala chete. Ndipo opanga nyimbo sabisa, amachenjeza: mu bar yomaliza mumamva ng'oma zikugubuduzika, kapena kaphokoso kokwera m'mwamba, kapena kabata wa kanthawi kochepa.

Izi kwa ife si zachilendo. Pa chimtali kapena mukwaya ya kutchalitchi, woyambitsa nyimbo amaponya mawu, ovomera amalandira, ndipo palibe amene amavomera woyambitsa asanamalize. Amayi a ku Santhe aja ankawerenga ndi chiuno, ankadziwa kuti kwatsala ma bar awiri kolasi ifike. Ine ndinalowetsa nyimbo yanga pa bar yachisanu ndi chiwiri. Pa laputopu zonse zinali zolongosoka, mizere yosonyeza mabiti itagundana bwino, koma pabwalo ndinali nditatseka anthu pakamwa.

Lamulo lake ndi limodzi: wani woyamba chiganizo m'nyimbo yatsopano agwere pa wani woyamba chiganizo m'nyimbo imene ikutha. Mukatero, nyimbo ziwirizo zimatembenukira pamodzi. Kolasi ya yakale ikamatha ndi pomwe woimba wa yatsopano akutsegula pakamwa, ndipo ovina amangoona kuti ali kale m'nyimbo ina osadziwa kuti awoloka liti. Mukachedwa ndi bar imodzi, musakakamize. Isiyeni idutse, mudikire chiganizo chotsatira. Masekondi 16 odikira sapweteka munthu.

Nyimbo zina zinapangidwa moganizira DJ. M'katikati mwa zaka za m'ma 1970, Tom Moulton ku America anayamba kutalikitsa nyimbo za disco, ndipo zimbale zazikulu za mainchesi 12 zokhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse zinafala nthawi imeneyo. Kuchokera apo, nyimbo za m'makalabu zimakhala ndi intro ndi outro (chiyambi ndi mathero a nyimbo) zazitali za ng'oma zokhazokha, ngati khonde lofikirapo alendo. Amapiano, amene anabadwira m'makomboni a ku Pretoria ndi Johannesburg m'zaka za m'ma 2010, ndi owolowa manja kwambiri pa nkhaniyi: nyimbo imatha mphindi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri, visekese vikuyenda vokha nthawi yaitali log drum, ng'oma yake ya mawu akuya, isanagwe. Apo muli ndi mpata wosakaniza mofatsa, ziganizo ziwiri kapena zinayi.

Nyimbo zathu zambiri za kuno kumudzi zinapangidwira wailesi. Zimatha mphindi zitatu kapena zinayi, intro yake ndi ma bar anayi, ndipo m'ma bar anayiwo muli kale dzina la situdiyo ndi woimba akudzitchula. Khomo ndi lopapatiza. Njira imodzi ndi kugwira mabiti anayi kapena asanu ndi atatu opanda mawu n'kuwazunguza ndi loop, kuti azingobwerezabwereza, mpaka nyimbo yakale imalize chiganizo chake. Nzeru imeneyi ndi ya Kool Herc, mnyamata wobadwira ku Jamaica amene pa 11 Ogasiti 1973 anaimba paphwando ku 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx. Iye anaona kuti anthu amavina kwambiri pamene oimba akhala chete n'kutsala ng'oma zokha, ndiye ankagwiritsa ntchito zimbale ziwiri zofanana kuti chigawo chimenecho chisathe msanga. Njira ina ndi kungodula: yakale ithe pa folo womaliza, yatsopano igwe pa wani, mwaukhondo. Achinyamata ena amaona ngati kudula ndi ulesi. Kudula pa malo ake kumafuna khutu lakuthwa kuposa kukoka nyimbo ziwiri kwa mphindi yathunthu.

Tsono wani ameneyu mumupeza bwanji? Apa ndi pamene ambiri amagwa. Woimba nthawi zambiri amayamba wani asanafike, mawu awiri kapena atatu amatsogola ngati munthu wothamangira kudumpha ngalande, ndipo phazi limatera pa liwu lachitatu kapena lachinayi. Mukaika cue, chizindikiro cha pamene nyimbo iyambire, pa liwu loyamba la woimba, mwaika pa folo wa bar yam'mbuyo. Mvetserani pamene besi ikusinthira, pamene kiyibodi ikutembenukira. Wani amakhala pamenepo.

Reggae, imene ife tinaikonda mpaka kukhala ndi yathu ya ku Balaka ndi ya ku Chileka, ili ndi msampha wakewake. M'kaimbidwe kotchedwa one drop, mukawerenga mofulumira mupeza kuti gitala imakhapa pa thu ndi pa folo, ng'oma yaikulu imagwa pa fili, ndipo pa wani ng'omayo imakhala chete. Kompyuta imakonda kuona kugunda kwamphamvu ngati poyambira, ndiye imaika mzere wake pa fili, n'kukusocheretsani ndi theka la bar. Nyimbo yomweyo pulogalamu ina ilemba 75, ina ilemba 150. Zonse n'zoona, ina ikuwerenga mofatsa, ina ikuwerenga mofulumira kawiri. DJ wodziwa zimenezi amapeza milatho imene mnzake woyang'ana manambala sangaione.

Koma nkhani imene ndimafunitsitsa kuti anyamata a kuno ku Kasungu aimvetse ndi ya mkati mwa biti, chifukwa mapulogalamu amene timagwiritsa ntchito anakonzedwa poganizira house, hip hop ndi nyimbo zina zotere. Yesani izi. Yendani pabwalo mwa ndawala yofanana, ndipo pa phazi lililonse nenani kuti "zitumbuwa". Zi-tu-mbu-wa, zidutswa zinayi pa phazi limodzi. Amenewo ndiwo mayendedwe a visekese va amapiano ndi house. Tsopano, osasintha ndawala, pa phazi lililonse nenani kuti "chimanga". Chi-ma-nga, zidutswa zitatu. Thupi lanu lisintha lokha, mapewa ayamba kugwedezeka mwa mtundu wina. Amenewo ndiwo mayendedwe a magule athu ambiri, ndipo oimba a masiku ano akatenga ng'oma zachikhalidwe kupita nazo ku situdiyo, amapita nawo mayendedwe omwewa. Ophunzira nyimbo amawalemba kuti 6/8 kapena 12/8.

Dancehall ndi afrobeats zili ndi kanthu kena kamene kamanamiza khutu. Kugunda kwake kumapita kuti "chimanga chimanga nsima", zitatu, zitatu, ziwiri. Mukaphatikiza ndi zisanu ndi zitatu, chimodzimodzi "zitumbuwa" kawiri. Choncho ngakhale mukumvamo zitatu, nyimbo zimenezi ndi za banja la zitumbuwa, ndipo zimakhalirana bwino ndi amapiano ngati liwiro layandikana.

Banja la chimanga ndi lina. Mapazi anayi a chimanga ndi tizidutswa 12, ndipo 12 amagawika m'njira zingapo: magulu anayi a zitatu, magulu asanu ndi limodzi a ziwiri, kapena magulu atatu a zinayi. Kukoma kwa ng'oma zathu kwagona pomwepa. Ng'oma ina imagwira kugawa kumodzi, manja a amayi akuwomba kugawa kwina, ndipo zonse zimakumana pa wani. Munthu wokulira pafupi ndi bwalo amamva zonsezi nthawi imodzi osasokonezeka. Kompyuta imasankhapo chimodzi, ndipo kawirikawiri imasankha chimene anthu sakuvina. Nyimbo imene mapazi akuyenda pa 100 ikhoza kulembedwa 150, kapena 75. Mukakhulupirira nambala imeneyo n'kudina sync, makina aikoka nyimboyo kapena kuithamangitsa mpaka mwini wake sangaizindikire.

Mankhwala ake ndi amene bambo a mbalule aja amachita moyo wawo wonse. Pa gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ng'oma zinazo zimagwira mayendedwe osasuntha, koma woimba mbalule maso ake amakhala pa mapazi a gule. Ng'oma yake imayankha phazi. Inunso imirirani, vinani nyimboyo kunyumba, muone pamene phazi lanu likutera, kenako mudine batani la tap, limene limayeza liwiro la kudina kwanu, motsatira phazilo, mukonze mizere ya pulogalamu ndi dzanja. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri pa nyimbo imodzi, ndipo mumaigwira kamodzi kokha.

Ngakhale nambala itakonzedwa, kuika chimanga pamwamba pa zitumbuwa kwa nthawi yaitali sikukoma. Zimagwirizana pa phazi pokha, pakati ponsepo tizidutswa timapondana. Ine ndikafuna kuchoka ku amapiano kupita ku nyimbo ya ng'oma zachikhalidwe, ndimadikira pamene ng'oma za amapiano zakhala chete n'kutsala kiyibodi yokha, kapena ndimadula pa wani ndi echo pang'ono, kapena ndimapatsa MC mpata wa mawu awiri. Bwalo limalandira kusintha kumeneku ndi nthungululu ngati kwafika pa nthawi yake, chifukwa thupi limamva kuti labwerera kwawo.

Pali nyimbo zinanso zimene sizikhala phee pa nambala imodzi: zakale zojambulidwa ndi bandi yathunthu, munthu weniweni atakhala pa ng'oma. Imayamba pa liwiro lina, ikafika pakati yakwera pang'ono, monga momwe ng'oma za pabwalo zimathamangira gule akakolera. Kumeneko si kulakwitsa, ndi mpweya wa anthu amoyo. Koma mizere ya kompyuta imayamba bwino kumayambiriro, pofika kumapeto yasochera. Nyimbo zotere muzilowetse ndi kuzitulutsa mwachidule, dzanja lili pa gudumu la makina a DJ kuti muzikankha kapena kugwira pang'ono. Rumba ya ku Congo imawonjezera china: nyimbo imodzi imakhala ndi mbali ziwiri, yoyamba yofatsa ya mawu, kenako sebene, pamene magitala amamasuka anthu n'kudzuka m'mipando. Ngati bwalo latentha kale, ikani cue pa wani wa sebene mulowere pomwepo. Mbali yofatsayo isungireni nthawi ya chakudya.

Za besi ndinene mwachidule koma motsindika. Mabesi awiri asalire pamodzi. Amadyana, phokoso limachita matope, magetsi ofiira amayaka pa miksa, ndipo masipika obwereka amene tambirife timayenda nawo pa jenereta sapirira zimenezo. Lowetsani nyimbo yatsopano mutatsitsa low yake, kutanthauza besi yake pa miksa, ndipo pa wani wa chiganizo musinthanitse: yakale itsike, yatsopano ikwere. Pa amapiano samalani kwambiri, chifukwa log drum ndi ng'oma komanso ndi besi nthawi imodzi. Oimba awiri nawonso asayankhulire pamodzi.

Kiyi ya nyimbo ndi nkhani ina yaitali, koma chofunika kudziwa n'chochepa. Mapulogalamu ambiri amalemba kiyi mwa njira ya Camelot, nambala kuyambira 1 mpaka 12 ndi chilembo A kapena B. Nyimbo ya 8A imamvana ndi 8A inzake, 7A, 9A ndi 8B. Kumbukiraninso kuti kukweza liwiro ndi maperesenti 6 kumakweza mawu a nyimbo ndi sitepe imodzi ya pa kiyibodi, pokhapokha mutayatsa key lock, imene imasunga kiyi liwiro likasintha. Komabe pa ukwati sindinaonepo munthu akukhala pansi chifukwa cha kiyi. Amakhala pansi chifukwa cha phazi.

Ndipo ukwati uli ndi malamulo ake amene DJ wa m'kalabu sawadziwa. Mwini bwalo ndi MC. Gulu lililonse, akuchimuna, akuchikazi, akumpingo, anzake a mkwati akuntchito, limapatsidwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo ena amabwera ndi nyimbo yawo m'foni. Palibe nthawi ya intro. Nyimbo zonse za perekaniperekani ndinaziikira cue pa wani wa kolasi, kapena pa timawu totsogola tija ngati tilipo, kuti gulu likangonyamuka nyimbo iwapeze pokoma. Ndipo mwambo usanayambe ndimakhala pansi ndi MC. Ndimawapempha kuti: "Achimwene, mukafuna ndidule, kwezani dzanja, mundipatse timasekondi ndifikitse pamapeto." Ambiri amavomera akangoona kuti beseni likudzaza msanga anthu akaloledwa kumaliza kolasi yawo.

Mnyamata akabwera kwa ine kuti ndimuphunzitse, sabata yoyamba sakhudza makina. Ndimamutuma akwere minibasi ya pa M1, kaya yopita ku Nkhamenya kaya ku Lilongwe, amvetsere chilichonse chimene dalaivala waika, aziwerenga ndi zala zisanu ndi zitatu, kusiya zazikulu ziwiri. Bar iliyonse apinde chala chimodzi. Chomaliza chikapindika, aone ngati nyimbo yatembenuka. Nthawi zambiri imatembenuka. Nthawi zina ayi, chifukwa oimba athu ena amawonjezera ma bar awiri kumapeto kwa kolasi kuti mawu akwane, ena amayamba vesi pambuyo pa ma bar anayi okha. Zoterezi zimafuna kulemba. M'kope langa lachikuto chofiira, limene limakhala m'chikwama cha mahedifoni, nyimbo iliyonse yovuta ili ndi mzere wake, ndipo wa nyimbo ija ya ku Santhe umati: intro 4, vesi 8, kolasi 8 ndi 2 zapamwamba, amayi amaponya pa wani wa kolasi, usadule isanathe.